TEPI YA UKWATI NDI WAILESI YA KANEMA YATSOPANO

M'nyumba zambiri za owerenga athu muli katoni imene idakankhidwira kunsi kwa bedi kapena pamwamba pa kabati, ndipo m'katonimo muli matepi a vidiyo. Pa tepi ina padalembedwa ndi bolopeni kuti "Ukwati", pa ina "Chinkhoswe", pa inanso dzina la kwaya imene idamwazikana kalekale. M'nyumba zina, pambali pa matepiwo pali kamakina ka magemu kamene anyamata ankalimbirana masiku a tchuthi, pamodzi ndi timakaseti take tachikasu. Zinthu zimenezi sitizitaya, pakuti mtima sulola. Komanso sitizigwiritsa ntchito, pakuti wailesi ya kanema imene zinkayendera idafa, kapena tidaitumiza kumudzi.

Katoni yotere ifenso tili nayo. Mwana wathu wachisamba atayamba ntchito mu mzinda adatigulira wailesi ya kanema yamakono, yopyapyala ngati chitseko cha kabati, ija anthu amangoitcha pulazima. Tsiku lina madzulo amai akunyumba adati, "Abambo, tatulutsani tepi ya ukwati ija, mwanayu awaoneko agogo ake." Ankanena za mwana wathu wotsiriza, amene adabadwa apongozi athu atatisiya kale. Zithunzi zao za papepala zilipo ziwiri kapena zitatu, koma mau ao, kasekedwe kao ndi mavinidwe ao pa pelekanipelekani zili pa tepi imodzi yokhayo basi. Tidatulutsa deki, nkuipukuta fumbi, nkuiyatsa, ndipo idayaka bwino lomwe. Tidatenga chingwe chake cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira, nkutembenuza wailesi ija kuti tibaye. Kumbuyo kwake kudalibe bowo ngakhale limodzi lolandira mitu imeneyo. Kudali timabowo tiwiri totambalala tolembedwa kuti HDMI, kena ka USB, ndi kena ka eriyo.

Loweruka lotsatira tidakwera minibasi kupita ku tauni. Mnyamata wa m'sitolo ina, wokoma pakamwa, adatigulitsa chingwe chimene mbali imodzi chidali ndi mutu wa HDMI, mbali inayo mitu itatu ija. Pochiona tidati nchimenechi. Kunyumba chidalowa bwinobwino mbali zonse ziwiri, koma galasi lidangoti bii. Ulendo wachiwiri tidabwerako ndi kabokosi koyera, kakang'ono ngati sopo wosambira. Nakonso sikadathandize, chifukwa, monga tidazindikira pambuyo pake, tidagula kogwira ntchito chobwerera m'mbuyo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife tidafunsa ndithu, kungoti tidafunsa wogulitsa. Ndalama za maulendo awiriwo ndi za katundu wopanda ntchitoyo zikadagula ndiwo za masiku angapo. Tsono talemba izi kuti makolo anzathu ndi achinyamata asagwere m'dzenje limene tidagweramo ife.

ZINENERO ZIWIRI

Vuto silili pa mabowo okha, lili pa chinenero. Deki ya vidiyo ndi makina akale a magemu amatumiza chithunzi monga mphamvu ya magetsi imene imakwera ndi kutsika mosalekeza, ngati madzi a mu ngalande amene pena achuluka, pena achepa. Mphamvu ikakwera ndiye kuti malo amenewo ngowala, ikatsika ndiye kuti ngakuda. Njira imeneyi amaitcha analogi. Wailesi yakale ija, ya msana waukulu, inkalandira mphamvuyo nkumajambula chithunzi mzere ndi mzere, kuchokera kumanzere kunka kumanja, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, monga mphunzitsi alembera pa bolodi, koma mofulumira kotero kuti diso silitha kutsata.

M'dziko muno, monganso ku South Africa, Zimbabwe ndi Britain kumene madeki athu ambiri adachokera, tinkatsata dongosolo lotchedwa PAL. Adalikonza ndi katswiri wa ku Germany, Walter Bruch, wa ku kampani ya Telefunken, ndipo lidayamba kugwira ntchito poulutsa kanema mu 1967. Ife kuno Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, motero kwa zaka zambiri wailesi ya kanema m'nyumba kapena m'chipinda cha vidiyo sho inkadalira deki basi. Chithunzi cha PAL chili ndi mizere 625, koma yooneka ndi 576, ndipo mizereyi siijambulidwa yonse pakamodzi. Taganizani za mlimi amene akubzala munda wake modumphitsa: ayamba mzere woyamba, wachitatu, wachisanu, mpaka kumalire, kenaka abwerera kudzabzala wachiwiri, wachinayi ndi ina yonse imene adaidumpha. Wailesi yakale inkayenda maulendo otere 50 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti zithunzi zathunthu 25.

Wailesi yatsopano siidziwa za madzi a mu ngalande. Iyo imawerenga manambala. Galasi lake lili ngati kope la masamu la timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kayenera kuuzidwa nambala ya mtundu wake ndi ya kuwala kwake. Pa wailesi yotchedwa Full HD timabokosi timeneti tilipo 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Pa ya 4K muchulukitse nambala imeneyo kanayi. Bowo la HDMI, limene makampani angapo monga Sony, Panasonic, Philips ndi Toshiba adagwirizana kulikhazikitsa kumapeto kwa 2002, lili ndi timawaya 19, ndipo limanyamula manambala okhaokha, a chithunzi ndi a mau pamodzi.

Apa mpamene chingwe chathu choyamba chija chidalakwira. Chingwe ndi waya chabe. Chimene chalowa uku nchomwe chimatuluka uko. Munthu wolankhula Chiyao chokha ndi mnzake wolankhula Chitumbuka chokha, ngakhale muwakhazike pa benchi limodzi tsiku lonse, sadzamvana popanda womasulira. Pakati pa deki ndi HDMI pafunikanso womasulira, ndipo womasulirayo ayenera kukhala ndi ubongo wake wamagetsi ndi moto womuyendetsa. Nchifukwa chake mukaona chingwe cha mitu itatu uku ndi HDMI uko, chopanda kabokosi pakati ndiponso chopanda polandirira magetsi, chisiyeni m'sitolo momwemo, ngakhale wogulitsa alumbire.

YAMBANI MWAYANG'ANA KUMBUYO

Musanaononge tambala, tengani tochi muyang'anitsitse kumbuyo ndi m'mbali mwa wailesi yanu, chifukwa zambiri womasulira zili naye kale m'mimba. Zina zili ndi mabowo atatu aja poyera. Zina zidawabisa m'kabowo kamodzi kakang'ono, konga komvetsera nyimbo pa foni, kolembedwa kuti AV IN. Kabowo kameneka kamafuna kachingwe kakafupi kamene kamabwera m'katoni ya wailesi, kamene ambirife timakataya pamodzi ndi mapepala. Kachingweko kakasowa, funani ka kampani yomweyo, pakuti makampani amalumikiza timawaya tam'kati mosiyana, ndipo ka kampani ina kangakupatseni phokoso lokhalokha. Wailesi zinanso zili ndi mabowo asanu: lobiriwira, labuluu, lofiira, kenaka loyera ndi lofiira lina. Pamenepo kawirikawiri mutu wachikasu umalowa m'bowo lobiriwira, limene mukaliyang'anitsitsa lili ndi kamzere kachikasu kapena mau akuti Video. Mukatero dinani batani la Source kapena Input pa rimoti, musankhe AV. Chithunzi chikabwera chopanda mitundu, onani ngati simunasankhe Component molakwitsa.

Madeki ochokera ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya ali ndi chibowo chachitali cha timano 21 chotchedwa SCART. Chimenechi chimafuna chotsekera chake chokhala ndi mabowo atatu aja kumsana, ndipo ngati pali kabatani kosankhira IN kapena OUT, kumbali ya deki kakhale pa OUT. Makina akale kwambiri ali ndi chingwe cha eriyo chokha. Amenewa amadziyesa nyumba youlutsira kanema yaing'ono, ndipo wailesi iyenera kuwafunafuna monga ifunira tchanelo, pa gawo la analogi, ngati gawolo ilinalo. Ikakhala ilibe, deki ingathe kukhala mkhalapakati: bayani chingwe cha eriyocho m'deki, deki ipeze tchaneloyo, kenaka itulutsire chithunzi pa mutu wachikasu.

Ngati wailesi yanu ili ngati yathu, ya HDMI yokhayokha, ndiye kuti kabokosi kaja nkosapeweka. Chenjerani apa, pakuti timabokosi timeneti tilipo ta mitundu iwiri, tofanana kukula, mtundu ndi mtengo, ngati mapasa. Kena nkolembedwa AV2HDMI kapena RCA to HDMI, kena HDMI2AV. Mau oyamba ndi chimene chikulowa, mau otsiriza ndi chimene chikutuluka. Kofunika kwa ife nkoyambako. Kachiwiriko ntchito yake nkulumikiza chipangizo chatsopano ku wailesi yakale, ndipo nkamene tidagula ife. Musakhulupirire katoni yokha. Tulutsani kabokosiko muone ngati pa mabowo atatu palembedwa Input, ndi pa HDMI Output. Kamabwera ndi kachingwe ka USB kolandirira magetsi, kamene mungabaye pa wailesi pomwepo kapena pa tchaja ya foni. Anthu ena amabweza kabokosi kabwinobwino ku sitolo chifukwa chongoiwala kachingwe kameneka.

Chithunzi chikatuluka, musakhumudwe nacho. Chithunzi cha PAL chikasandutsidwa manambala chimakhala ndi timabokosi 720 chopingasa ndi 576 chotsika, ndiye kuti 414,720. Gawani 2,073,600 ndi nambala imeneyi, mupeza 5. Tanthauzo lake nlakuti pa timabokosi tisanu tilitonse ta galasi latsopano, tinayi wailesi imangoganizira. Tepi ya VHS siifika ngakhale pamenepo. Zili ngati mwana wa Sitandade 6 amene wauzidwa kukopera mapu aang'ono a m'buku pa chipepala chachikulu cha pakhoma: mizere imanenepa, ndipo zolakwika zonse zimakula nao. Wailesi yakale inkabisa zilema zimenezi chifukwa galasi lake lidali laling'ono ndipo mizere yake inkasungunukirana. Chimene mungathe kukonza ndi kaonekedwe ka anthu. Galasi lakale lidali la muyeso wa 4:3, latsopano ndi la 16:9, ndipo wailesi ikasiyidwa yokha imakoka chithunzi kuti chidzaze galasi lonse, motero aliyense amanenepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amai akunyumba adatsutsa ndithu kuti pa tsiku la ukwati sadali otero, ndipo ankanena zoona. Pa rimoti kapena m'ndandanda wa Picture funani mau akuti Aspect kapena Picture Size, musankhe 4:3. M'mbali mudzatsala mizati iwiri yakuda, ilekeni, siilakwa.

Chinanso chimene chimavutitsa ndi chithunzi chimene chimati chikaoneka pang'ono nkuzima, galasi nkusanduka labuluu, kenaka nkubweranso. Tepi yakale imatanuka, ndipo mizere yake siifika pa nthawi yake yeniyeni. Wailesi yakale inkapirira zimenezi, monga mphunzitsi wokhwima awerengera zolemba zokhotakhota za mwana wa Sitandade 1. Makina a manambala alibe chifundo chotero; mzere ukachedwa pang'ono amakana tsamba lonse. Yesani mabatani a Tracking pa deki. Zikakanika, pali madeki ena a DVD, aja otha kujambula, amene amaongola mizere ngati chithunzi cha tepi chadzera mwa iwo chisanafike ku wailesi.

KWA INU ACHINYAMATA

Tidziwa kuti ambiri a inu mwafika pano mukudikira za magemu. Kampani ya Nintendo idatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo makina omwewo adafika ku America mu 1985 ndi dzina lakuti NES, chaka chimene gemu ya Super Mario Bros. idatuluka. Amene ankafika m'misika yathu kawirikawiri adali ongotsanzira, ndi timakaseti tolonjeza magemu zikwizikwi, pamene m'kati mudali owerengeka chabe obwerezedwabwerezedwa. Sega idatulutsa Mega Drive mu 1988, Sony idatulutsa PlayStation mu 1994 ndi PlayStation 2 mu 2000. Yachiwiriyi idagulitsidwa yoposa 150 miliyoni pa dziko lonse, ndipo ndi imene idadzaza timazipinda ta magemu a mpira m'matauni mwathu. Onsewa alibe HDMI. PlayStation yoyamba kukhala nalo bowoli idali yachitatu, ya mu 2006, ndipo Wii ya Nintendo, ya chaka chomwecho, idatulukabe yopanda.

Kabokosi kotchipa kaja kangathe kuonetsa magemu amenewa, koma pali zovuta ziwiri zimene tepi ya ukwati ilibe. Choyamba, makina akale kwambiri, monga Famicom, Mega Drive ndi PlayStation yoyamba pa magemu ake ambiri, sankabzala munda modumphitsa nkubwerera. Ankabzala mizere yomweyomweyo ulendo uliwonse, pafupifupi 240, ina ija nkuisiya yopanda kanthu, ndipo ulendo uliwonse udali chithunzi chathunthu pachokha. Kabokosi kotchipa sikadziwa zimenezi. Kamatenga zithunzi ziwiri zosiyana nkuzilukanitsa ngati kuti ndi magawo awiri a chithunzi chimodzi, motero chinthu chothamanga chimaoneka chofufutika.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Womasulira aliyense amadikira kuti wolankhula amalize chiganizo. Kabokosi kamadikira, ndipo wailesi nayo imadikira kuti ikometse chithunzi. Poonera ukwati palibe amene angazindikire. Koma pa gemu, chithunzi chimodzi chimakhala pa galasi gawo limodzi chabe mwa magawo 50 kapena 60 a sekondi, ndipo kuchedwa kwa zithunzi zochepa nkokwanira kuti Mario agwere m'dzenje inu mutadina kale batani lodumphira. Mudzayesa kuti manja anu akalamba, pamene wolakwa ndi womasulira. Wailesi zambiri zili ndi Game Mode m'ndandanda wa Picture; imeneyi imaletsa zokometsa zija ndi kuchepetsa kuchedwako. Amene ali ndi PlayStation 2 ndi wailesi ya mabowo asanu achite bwino kufuna chingwe cha mitu isanu, pakuti chimasiyanitsa kuwala ndi mitundu m'malo mozithira mu waya mmodzi, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Pali omasulira opangidwira magemu enieni, monga RetroTINK ya Mike Chi ndi OSSC ya Markus Hiienkari wa ku Finland, amene amadziwa za mizere 240 ija ndipo amamasulira mzere uliwonse ukangofika. Ngabwino, koma ngoitanitsa kunja, ndipo ena mwa iwo mtengo wao umaposa wa wailesi yaing'ono. Sitingalangize kholo lililonse kuti lichotse ndalama pa fizi chifukwa cha zimenezi.

Pali gemu imodzi imene ngakhale chingwe chabwino chotani sichingaichiritse: ija yowombera abakha, Duck Hunt, ya mu 1984. Ana ambiri ankakhulupirira kuti mfuti ija imatumiza kanthu ku galasi. Iyayi, mfutiyo ndi diso. Mukangowomba, galasi lonse limada kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenaka pamalo pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera. Diso la mu mfuti likaona mdima kenaka kuwala pa nthawi imene makina akuyembekezera, ndiye kuti mwalasa. Wailesi yatsopano imaonetsa kabokosi koyerako mochedwa, makina atasiya kale kuyang'ana, motero abakha onse amathawa ndipo galu uja amangokusekani.

Maganizo athu ndi akuti, pa nkhani ya magemu, ngati pakhomo pakadali wailesi ya msana waukulu yogwira ntchito, isungeni. Makinawo adapangidwira iyo, ndipo siichedwa. Koma anyamata okonda kumasula zinthu amve ichi: musatsegule kumsana kwake. M'kati mwa wailesi yotere ya mitundu mumakhala mphamvu yofika mavoti 25,000, ndipo ina imatsalira ngakhale mutazimitsa ndi kuzula pulagi.

KATUNDU WOCHOKERA KUTALI

Achibale a ku America kapena amalonda a ku Japan nthawi zina amatibweretsera makina a dongosolo lina, la NTSC, la mizere 525 ndi maulendo pafupifupi 60 pa sekondi. Chizindikiro chake ndi chithunzi chopanda mitundu kapena chogubuduzika. Wailesi zatsopano ndi timabokosi tambiri timalandira madongosolo onse awiri, koma deki ya PAL yokha siingawerenge tepi yojambulidwa mu NTSC. Pafunika deki yolembedwa Multi-System.

Choopsa koposa ndi magetsi. Athu ndi a mavoti 230, a ku America 120, a ku Japan 100. Kachipangizo kongosintha maonekedwe a pulagi nkofanana ndi chingwe chathu choyamba chija: kamalowa bwino, koma sikasintha kanthu. Werengani kapepala ka kumsana kwa makina. Pakalembedwa 100-240V, bayani mosaopa. Pakalembedwa 110V kapena 120V pokha, pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, apo ayi mudzamva kaphokoso ndi fungo la chopsereza, nkhani nkuthera pomwepo. Musasinthanitsenso maadaputa a makina a magemu pongoona kuti mutu ukulowa, pakuti amasiyana mphamvu, ndipo ena adalumikizidwa motembenuza. Magetsi akazima tepi ili m'deki, musaikoke, dikirani ayake.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI NJOFULUMIRA

Tsopano tibwerere ku katoni ija, pakuti gemu ikafa mungapeze inzake, koma tepi ya banja lanu ilibe inzake pa dziko lonse. Kampani ya JVC idatulutsa VHS mu 1976, ndipo idapambana Betamax ya Sony imene idatsogola mu 1975. DVD itabwera, makampani adayamba kuleka kupanga madeki mmodzimmodzi, mpaka idatsala Funai ya ku Japan, imene nayo idaleka mu July 2016. Chiyambire pamenepo deki iliyonse imene yafa ndiye kuti yachepetsa chiwerengero. Malamba ake a labala amauma kapena kusungunuka, timitu towerengera tepi timaperepeseka, ndipo amisiri amene ankadziwa kuzikonza akukalamba.

Tepi nayo siidikira. Ndi kansalu ka pulasitiki kopakidwa ufa wa maginito ndi guluu. Guluuyo amamwa chinyezi nkuyamba kunyata kapena kusuluka, kutentha kwa pansi pa malata kumafulumizitsa zimenezi, ndipo m'nyengo ya dzinja tepi imachita chuku monga uchitira ufa. Akatswiri osunga zakale amaiwerengera tepi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Mu 2015 bungwe la National Film and Sound Archive la ku Australia lidachenjeza kuti matepi amene sadzakhala atasamutsidwa pofika 2025 ambiri adzatayika, makamaka chifukwa cha kusowa kwa makina ndi amisiri. Chaka chimenecho chidakwana kale. Ngati bungwe la boma la dziko lolemera, lokhala ndi zipinda zoziziritsa, lidada nkhawa chotero, nanga katoni ya kunsi kwa bedi? Zengerezu adalinda kwaukwau.

Motero kulumikiza deki kuti muonere ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo nkusamutsa. Yambani mwasuzumira pa kawindo ka tepi. Mukaona timadontho toyera ngati ufa pa mkombero wake, musailowetse m'deki, chifukwa chukucho chidzatseka timitu ndi kupatsira matepi ena. Ipite kaye kwa wodziwa kuitsuka. Kumsana kwa tepi kuli kachibanthu ka pulasitiki. Kathyoleni, kuti munthu asafufute ukwati wanu podina batani lofiira mwangozi. Deki imene yakhala zaka osagwira ntchito muiyese ndi tepi ya filimu wamba, kuti ngati ili ndi njala itafune imeneyo.

Posamutsa pafunika kompyuta ndi kachipangizo kena kakang'ono, kokhala ndi mabowo atatu aja mbali imodzi ndi mutu wa USB mbali inayo. Pulogalamu yojambulira, monga OBS Studio, imapezeka yaulere pa intaneti, ndipo apa mpamene achinyamata angathandize makolo ao. Palibe njira yachidule: tepi yolembedwa E-180 ndi ya mphindi 180, ndipo kuisamutsa kumatenga maola atatu omwewo. Timatepi ting'onoting'ono ta m'makamera nato tisaiwalike. Ta VHS-C timalowa m'chikaseti chapadera nkuseweredwa pa deki wamba, koma ta Video8, Hi8 ndi MiniDV timafuna kamera yake. Mukapereka ntchitoyi kwa ojambula a m'tauni, pemphani fayilo ya pa fulashi, osati DVD yokha, pakuti nayo DVD ikutsata njira ya tepi. Fayiloyo ikhale malo awiri kapena atatu, m'nyumba zosiyana, chifukwa fulashi imasowa ngati singano ndipo imafa osadwala. Tepi yeniyeniyo musaitaye. Iimikeni chilili ngati buku, pamalo pozizira ndi pouma, kutali ndi masipika.

Ife, ulendo wachitatu wa ku tauni ndi umene udabala zipatso. Kabokosi koyenera katafika tidaonera mphindi zochepa zokha, nkuzimitsa, poopa kutopetsa tepi tisanaisamutse. Mphunzitsi mnzathu adatibwereka kompyuta yake, mwana wathu wachisamba adabwera ndi kachipangizo ka USB, ndipo Loweruka lina masana, magetsi ali chiyakire, tidakhala tonse pabalaza. Chithunzi chidali chotuwa, ndipo suti yathu, imene timaikumbukira kuti idali yabuluu, idaoneka yobiriwira. Chapakati, pamene ankhoswe ankapereka malangizo, tepi idachita mizere yoyera ndi phokoso kwa mphindi zingapo, ndipo mau a pamenepo sitidzawamvanso. Mwina tikadachita izi zaka zisanu zapitazo akadapulumuka. Kenaka chithunzi chidakhazikika, ndipo apongozi athu adatulukira kuchokera kumanja, chitenje chili m'chiuno, mbale ya ndalama ili m'manja, akuvina ndi kuitana anthu a kwao mmodzimmodzi ndi maina ao. Amai akunyumba adagwira pakamwa. Mwana wathu wotsiriza adasendera pafupi ndi galasi, nkutembenuka, nati, "Amai, mau awa si anu kodi?"

M'katoni muja mwatsala matepi asanu ndi awiri. Iwiri mwa iwo yachita chuku ndipo taipatula. Ya kwaya ndi imene tikusamutsa Loweruka likubwerali, magetsi akalola.